Ntchito masana, sukulu madzulo: nthawi yowerenga ndiipeza kuti?

Nabanda wa ku 25

Moni nonse akuluakulu. Ndithandizeni nzeru inu amene mumadziwa za kuphatikiza ntchito ndi sukulu.

Ndine kalaliki pa shopu ina ya holoselo ku Old Town. Timalowa 7:30 n'kuweruka 5 koloko, Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo Loweruka timaweruka 12 koloko. Ndikuphunzira dipuloma ya akawunti, mayeso ake a ICAM, bungwe la akauntanti la m'Malawi muno, ndipo Disembala akubwerayu ndikufuna kulemba mapepala anayi. Makalasi ndi Lolemba, Lachitatu ndi Lachinayi kuyambira 5:30 mpaka 8 koloko usiku, komanso Loweruka kuyambira 1:30 mpaka 4:30. Ndimakhala ku Area 25. Ulendo umodzi umandidyera ola ndi mphindi 15 ndikaphatikiza kudikira minibasi ndi kuyenda kuchoka pa siteji. Ndili ndi mwana wa sitandade 2, ndipo pakhomo ndimakhala ndi mng'ono wanga amene amathandiza.

Masiku a kalasi ndimafika kunyumba cha m'ma 9:30. Ndikatsegula buku, tsamba limodzi silitha, mutu uli kale pa tebulo. Ndandanda yowerengera ndalemba katatu, yonse yangofera pakhoma. Apa tili pakati pa Ogasiti koma manotsi angodzadza m'kope osawerengedwa. Kodi nthawi ndiipeze kuti, ndipo ndiigawe bwanji kuti Disembala asandipeze chonchi?

Akauntanti wa ku Kanengo

A Nabanda, musanalembe ndandanda yachinayi, tiyeni tipange zomwe mumapanga kuntchito kwanuko: tiwerengere katundu amene alipodi, osati amene tikulakalaka akanakhalapo.

Sabata ili ndi maola 168. Kuntchito mumakhalako maola 9 ndi theka kwa masiku asanu, ndiye 47 ndi theka, kuphatikiza 4 ndi theka a Loweruka, akwana 52. Makalasi ndi maola 10 ndi theka. Maulendo ndi maola awiri ndi theka pa tsiku kwa masiku asanu ndi limodzi, ndiye 15. Tulo tiike maola 7 pa tsiku, ndiye 49. Pofika apa apita 126 ndi theka. Kusamba, kuphika, kudya, kuchapa ndi kuona homuweki ya mwana, ngakhale mng'ono wanu alipo, simungatsike maola atatu pa tsiku, ndiye 21. Kutchalitchi Lamulungu pamodzi ndi ulendo wake tiike anayi. Otsala ndi maola 16 ndi theka.

Amenewo ndi a papepala. Mwa iwo muli ola lija la 9:30 usiku limene mutu umagwera pa tebulo, muli alendo obwera osanena, muli tsiku limene minibasi yasowa. Maola amene mutu ungagwiredi ntchito ndi pakati pa 10 ndi 12.

Tsono phunziro limodzi la akawunti, limene m'kalasi mumakhalira maola awiri ndi theka pa sabata, limafuna maola anayi kapena asanu a inu nokha muli ndi cholembera ndi kakyuleta. Anayi ndiye kuti maola 16 mpaka 20. Mwaona pamene ndandanda zanu zikufera? Si ulesi ayi. Mukufuna kutulutsa katundu wa 20 m'sitolo muli 12.

Choyamba, ndipo ndikudziwa kuti n'chowawa: chepetsani mapepala. Lembani atatu Disembala, kapena awiri ngati pali limodzi lolemera kwambiri, otsalawo mudzalembe Juni. ICAM imalembetsa mayeso kawiri pa chaka, choncho pepala limene mwalisiya lachedwa ndi miyezi isanu ndi umodzi basi. Koma mukalemba anayi n'kulakwa awiri, mwachedwa miyezi yomweyo, ndalama ya mayeso yapita kawiri, ndipo mtima wagwa. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga anayi? Funsani ku koleji kwanu malamulo a kalembetsedwe tsiku lotsekera lisanafike, ndipo posankha muphatikize phunziro la masamu ambiri ndi lina la kuloweza. Awiri a masamu okhaokha amalimbirana nthawi imodzi yomweyo ya m'mawa. Phindu lina ndi loti mukasiya phunziro limodzi, madzulo amodzi pa sabata amasuka.

Chachiwiri, lekani kulimbana ndi usiku. Tsiku la kalasi mukafika 9:30, idyani, sambani, konzani chikwama, pofika 10:15 mukhale mutagona. Buku musalitsegule n'komwe. Dzukani 4:30, werengani mpaka 5:30, kenako mukonzeke kuti 6:10 mukhale pa siteji. Ola limodzi la mbandakucha, mwana ali mtulo, foni isanayambe kulira, limaposa maola awiri a kuwodzera. Koma limatheka pokhapokha mutakonzeratu madzulo: buku lotsegula pa funso limene mudzayambire, kope, pensulo, kakyuleta, madzi otentha mu fulasiki. Mukadzuka n'kuyamba kufunsa kuti lero ndiwerenge chiyani, mphindi 20 zatha, ndipo mudzasankha mutu umene mumaudziwa kale chifukwa ndi umene umakoma.

Zikatero tulo ndi maola 6 ndi mphindi 15 okha, ochepa. Ndiye masiku opanda kalasi mugone 9 koloko, ndipo Lamulungu musatchere alamu.

Chachitatu, madzulo a Lachiwiri ndi Lachisanu. Mukaweruka 5 koloko n'kuthamangira ku depoti, mukafika nthawi imene aliyense akulimbirana minibasi, ndipo msewu wa M1 wadzaza kuyambira m'tauni mpaka kupitirira Area 18. Lachiwiri musathamange. Pitani ku koleji, khalani m'laibulale kapena m'kalasi yopanda anthu kuyambira 5:15 mpaka 6:30, kenako muzikwera. Kunyumba mufika mochedwerapo ndi mphindi mwina 40 zokha, koma mwapindula ola ndi mphindi 15 muli pa desiki yeniyeni ndi magetsi. Lachisanu pitani kunyumba molunjika, mwana akuoneni dzuwa lisanalowe kwenikweni.

Chachinayi, ola la nkhomaliro. Mphindi 25 kudya, 30 kuyankha funso limodzi lalifupi. Katatu pa sabata n'kokwanira, masiku enawo chezani ndi anzanu kuti angamati mwayamba kunyada. Izi zimatheka mukanyamula chakudya kunyumba, chifukwa mzere wa pa chiwaya kapena ku lesitilanti umadya theka la olalo.

Tiwonkhetse: m'mawa maola 6, Lachiwiri ola ndi kotala, nkhomaliro ola ndi theka, Lamulungu masana maola atatu. Pafupifupi 12. Mapepala atatu akwanira mothinana, awiri akwanira bwino.

China chimene ophunzira akawunti amaiwala ngakhale amakhala nacho mwezi ndi mwezi: kutha kwa mwezi. Pa holoselo pamakhala kuwerengera katundu, kutseka mabuku, kulondola ngongole. Tengani kalendala, masiku atatu omaliza a mwezi ndi awiri oyamba muwadule ndi cholembera chofiira, muwatenge ngati kulibe. Kuyambira lero mpaka Disembala muli ndi mathero a mwezi anayi, ndiye masiku pafupifupi 20 achoka. Masabata 15 amene mukuwaona pa kalendala ndi 12 enieni. Asanu ndi atatu oyamba mumalize silabasi, anayi otsiriza akhale a mapepala akale okhaokha.

Mayi a Chisomo

Akulu a ku Kanengo, masamu anu ndi oona, koma pali pamodzi pamene mwawerengera ngati bambo. 4:30 mpaka 5:30 m'nyumba ya mwana wa sitandade 2 si ola lopanda kanthu. Ndi nthawi yosonkha moto, kutenthetsa madzi osamba, phala, yunifolomu, kamba wa kusukulu. A Nabanda akangomva mng'ono wawo akukanika kuyatsa mbaula, adzuka pa buku, ndipo sabwereranso.

Kuti olalo likhale lawo, ntchito za m'mawa zisamukire madzulo. Madzi osamba atungidwe ndi kuikidwa m'ndowa usiku. Makala aikidwiretu pa mbaula. Yunifolomu ndi zovala za kuntchito za masiku onse asanu ndi limodzi zisitidwe Lamulungu, nthawi iliyonse imene magetsi alipo, osadikira madzulo. Kamba wa mwana alongedwe asanagone. Ndipo mukhale pansi ndi mng'ono wanuyo, mugawane momveka: m'mawa ndi wake mpaka 5:30, Lachisanu madzulo ndi Lamulungu m'mawa ndi inu. Naye ndi munthu, ali ndi zake. Mukangomusenzetsa osakambirana, pofika Okutobala mudzamva kuti akufuna kubwerera kumudzi, mayeso atatsala masabata asanu ndi limodzi.

Achemwali, mwanayo mumuuze zoona zake. Ana a msinkhu umenewo amamva. Lamulungu masana mukhale naye pa tebulo limodzi, iye homuweki yake, inu yanu, kwa mphindi 30 zoyamba. Akamaliza apite kukasewera, inu mupitirize. Mwana amene wapatsidwa gawo lake sagogoda chitseko mphindi zisanu zilizonse.

Ngati m'mawa wakanikadi, 4 koloko si yankho. Ndi bwino kunyamuka msanga, 5:40 muli pa siteji minibasi zisanayambe kulimbiranidwa, kufika m'tauni cha m'ma 6:30, n'kuwerengera kuntchito mpaka 7:25 ngati alonda amatsegula ndipo abwana avomera. Kungoti miyezi ya Juni ndi Julaye nthawi imeneyo kumakhala kudakali mdima, ndiye kuyenda nokha kupita pa siteji muganizire bwino. Miyezi inoyi mpaka Disembala kumacha msanga.

Wa ku HR (ofesi yoona za ogwira ntchito)

Ine ndilankhulepo za kuntchito, chifukwa ambiri amene amasiyira sukulu panjira si mabuku amawagwetsa, ndi kusamvana ndi abwana.

Lamulo la za ntchito la Employment Act la 2000 limati maola ogwira ntchito pa sabata asapitirire 48, osawerengera ovataimu. Anu a Nabanda, mukachotsa maola asanu a nkhomaliro pa 52 aja, ndi 47, ndiye muli m'kati mwa lamulo. Ovataimu ya tsiku wamba imalipiridwa ola limodzi ngati ola ndi theka, ya tsiku lanu lopuma kapena la holide imalipiridwa kawiri. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi 15 kwa wogwira masiku asanu. Inu muli pa 18, kutanthauza tsiku ndi theka mwezi uliwonse.

Tchuthi cha sukulu m'lamuloli mulibe. Makampani ena amapereka mwa malamulo awo a pantchito, ena ayi. Choncho werengani kalata yanu ya ntchito kaye, ndipo ngati mulibe, chuma chanu ndi masiku 18 aja. Musawamwaze pa zinkhoswe.

Kagawidwe kake: pepala lililonse masiku awiri okonzekera ndi tsiku lolemba. Mapepala atatu ndiye masiku 9 pa Disembala, 9 enawo pa Juni. Kutenga masabata awiri motsatizana kumaoneka kokoma, koma masiku atatu oyamba amathera kugona ndi kuchapa makatani, ndipo abale akamva kuti muli pa tchuthi ntchito zonse za pamtundu zimabwera kwa inu.

Vuto lanu lalikulu ndi loti Disembala pa holoselo ndi nyengo ya malonda, ndipo abwana aliyense amakana tchuthi cha Disembala chikapemphedwa mu Novembala. Pemphani tsopano, mu Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Sepitembala, ndipo mulembe kalata, osati kungonena pakhomo la ofesi abwana akuthamangira ku banki. M'kalatamo muike zinthu izi: maphunziro amene mukuchita ndi mmene akuthandizira ntchito ya pa shopupo, masiku a makalasi ndi nthawi imene muyenera kutuluka, sabata ya mayeso ndi lonjezo loti ndandanda yeniyeni ikatuluka mudzaipereka tsiku lomwelo, ndi dzina la mnzanu amene wavomera kugwirizira desiki yanu. Muonjezere chimene inu mukupereka. Mwachitsanzo: Lolemba, Lachitatu ndi Lachinayi ndizituluka 5 koloko yeniyeni, koma pa kuwerengera katundu kwa kutha kwa mwezi ndizitsala mpaka titamaliza, ndipo sabata ya Khirisimasi ndidzakhalapo yonse. Abwana amavomera msanga akaona kuti vuto mwalibweretsa pamodzi ndi yankho lake. Akasayina, jambulani kalatayo pa foni ndi kusunga fotokope kunyumba. Mabwana amasinthidwa, ndipo watsopano sadziwa zomwe munagwirizana pakamwa.

Zimene zimawononga: kunama maliro kapena matenda kuti mukawerenge. Lilongwe ndi wamng'ono, wina akuonani pa koleji, ndipo tsiku la maliro enieni palibe adzakukhulupirirani. Kuwerenga notsi pa kauntala kasitomala ataima. Kusindikiza mapepala a sukulu pa makina a kampani mobisa, chifukwa chinthu chaching'ono chotero chimasanduka mlandu tsiku limene akufuna chifukwa. Pemphani, ambiri amalola masamba ochepa.

Ngati kampani ikufuna kukulipirirani fizi, werengani bwino mgwirizano wake musanasayine. Kawirikawiri mumamangidwa kuti mugwire zaka zakutizakuti mukamaliza, apo ayi mubweze ndalama. Si choipa, koma mudziwe zaka zake, ndiponso chimene chimachitika mukalakwa pepala.

Nabanda wa ku 25

Zikomo kwambiri nonse. Za mapepala atatu zandipweteka koma ndamva, ndipo kalata ndilemba sabata ino. Funso lina: maola 15 a m'minibasi aja angotayika basi? Komanso anzanga a m'kalasi ali ndi gulu la pa WhatsApp ndipo amakumana Lamulungu, ndilowe nawo?

Mphunzitsi wa madzulo

A Nabanda, nthawi mwaipeza, tsopano nkhani ndi chimene muchite nayo, chifukwa maola 12 akhoza kutha osapindula kanthu.

Ophunzira ogwira ntchito ambiri amawerenga motere: kutsegula notsi, kuyendetsa maso, kudula mizere ndi cholembera chachikasu, mtima n'kumati izi ndikuzidziwa. Kuzindikira chinthu ukachiona ndi kuchitulutsa m'mutu pepala lili loyera ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mayeso amafunsa chachiwiricho. Lamulo likhale ili: pa ola lililonse, mphindi 15 kuwerenga, 45 buku lotseka mukulemba. Pa akawunti palibenso njira ina. Bank reconciliation, kufananiza mabuku anu ndi sitetimenti ya ku banki, simungaidziwe poiyang'ana, monga munthu sangadziwe kupalasa njinga poonerera a kabaza.

Kuiwala kuli ndi kayendedwe kake. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kale mu 1885 kuti zambiri zimene munthu waphunzira zimathawa m'maola ndi masiku oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Tanthauzo lake kwa inu: zimene mwaphunzira Lolemba usiku muzikhudze Lachiwiri m'mawa, osadikira Lamulungu. Mubwerezenso patatha masiku atatu, kenako sabata, kenako masabata atatu. Kubwereza kwake si kuwerenganso mutu wonse, ndi funso limodzi kapena mphindi 10 zolemba zimene mukukumbukira. Pamwamba pa tsamba lililonse la notsi lembani madeti anayiwo ndi pensulo, mukabwereza muzichonga.

Gulani kope laling'ono la masamba 40 likhale la zolakwa zokhazokha. Funso lililonse limene mwaphonya, lembani mizere iwiri: ndinalakwa pati, chifukwa chiyani. Pakatha mwezi mudzaona kuti si zinthu 50 zimene zikukugwetsani, ndi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zobwerezabwereza, monga kusokoneza accrual (zoyenera kulipira koma simunalipirebe) ndi prepayment (zolipiriratu), kapena kuiwala kuchotsa depreciation (kutsika kwa mtengo wa katundu akamakalamba) ya chaka chatha. Sabata ya mayeso kope limeneli ndi limene muwerenge, osati buku la masamba 400.

Za nthawi ya m'mayeso: pepala la maola atatu la mamalikisi 100 limapereka mphindi 1.8 pa malikisi amodzi. Funso la 20 ndi mphindi 36. Poyeserera tcherani wotchi, ikakwana imani, jambulani mzere, kenako malizani ndi cholembera cha mtundu wina kuti muone zimene mukadataya. Ogwira ntchito amagwa kwambiri apa, chifukwa kuofesi anazolowera kusasiya chinthu chisanabalanse. M'mayeso, balance sheet (ndandanda ya chuma ndi ngongole) ikakana kubalansa, isiyeni mupite funso lina. Mamalikisi ali m'njira imene mwadutsa, ndipo mphindi 20 zosakasaka K4,000 yosowa zikudyerani funso lonse lomaliza. Njira ija yotchuka yowerenga mphindi 25 n'kupuma 5 ndi yabwino pa zoloweza, koma pa masamu imadula funso pakati. Apo chitani mphindi 40 kapena 50.

Pepala lathunthu la maola atatu mulilembe kosachepera kawiri pa phunziro lililonse mayeso asanafike, mutakhala pa mpando osadzuka. Malo ake ndi Lamulungu masana m'masabata anayi omaliza ndi masiku a tchuthi okonzekera aja. Palinso holide ya pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala: chitenje cha amayi chitumizeni msanga, muwaimbire m'mawa, masana muyese pepala loyamba kuti mudziwe pamene muli.

Tsono za minibasi. Masamu m'minibasi iwalani. Mwapanikizana, chikwama chili pamiyendo, kondakitala akufuna chenji, ndipo pobwerera ndi mdima. Chimene chimatheka ndi khutu. Lamulungu jambulani mawu anu pa foni, zidutswa za mphindi 5 mpaka 8, mukudzifunsa funso, kukhala chete masekondi asanu, kenako kuyankha. Matanthauzo a mawu, mfundo za malamulo a bizinesi, mndandanda wa zinthu zolowa mu lipoti lililonse la zachuma. Chete uja ndiye mwini nkhani, chifukwa ndi pamene mutu umagwira ntchito. Foni ikhale m'thumba la m'kati, mahedifoni a chingwe otchipa, ndipo musaitulutse muli pawindo pa depoti kapena pamene galimoto zaima pa mzere, imapita ngati mphezi. Chitani zimenezi ulendo wa m'mawa wokha. Wa usiku tsekani maso mupume, nawonso ndi ntchito. Mwa maola 15 aja mukapulumutsa atatu, mwachita bwino.

Gulu: lowani la pa WhatsApp chifukwa mapepala akale ndi kusintha kwa makalasi zimadzera kumeneko, koma litsekeni pakamwa, muzilitsegula kamodzi pa nkhomaliro. Kukumana kwa Lamulungu kumathandiza ngati anthu sapitirira anayi, nthawi yoyamba ndi yomaliza ndi yodziwika, ndipo aliyense akubwera atayankha kale funso limene munagwirizana, kuti pokumana muzingofananiza ndi kutsutsana. Gulu la anthu khumi limene limayamba ndi kudikirana, kenako nkhani za mpira ndi kudandaula za aphunzitsi, likudyerani maola atatu anu abwino kwambiri pa sabata, kuphatikizapo thiransipoti. Ngati akukumana kutali ndi 25, pezani mmodzi wa kufupi, wa ku Area 49 kapena 25 komweko, muzikumana kawiri pa mwezi.

Ndipo za kuchezera usiku wonse miyendo ili m'beseni la madzi ozizira, zija za ku sekondale, zisiyeni. Maso amatseguka koma mutu watseka, ndipo mawa lake mukalemba risiti yolakwika kuntchito.

Achimwene a ku Biwi

Zambiri zanenedwa, ine ndingotola tizinthu timene timagwetsa ndandanda yabwino muno mu Lilongwe.

Magetsi. Ola lanu la 4:30 lisadalire ESCOM. Nyali ya sola kapena yotchaja ya pa tebulo ikhale ya sukulu yokha, osati yomwe ikupitanso kubafa ndi kukhitchini, chifukwa mudzaipeza yatha moto. Muziitchaja tsiku lililonse ngakhale magetsi akuyaka bwino. Kandulo ayi: kuwala kwake kumatopetsa maso, ndipo munthu wotopa amagona kandulo ikuyaka pafupi ndi mapepala. Mapepala akale ndi mayankho ake musindikize, kawiri pa tsamba kuti zitchipe, chifukwa notsi za pa foni zimafa ndi batire, ndiponso foni ikakhala m'manja Facebook ili pomwepo. Mavidiyo a maphunziro muzitsitsa pamene pali Wi-Fi ya koleji kapena ndi bandulo ya usiku, koma muiyambitse n'kugona, osakhala maso kuidikira.

Chakudya. Tsiku la kalasi mumadya 12 koloko kenako 9:30 usiku. Pofika 7 koloko m'kalasi simukumva kanthu, mukuganiza kuti ndinu mbuli pamene ndi njala chabe. Nyamulani kanthu kodya 5 koloko: mbatata yophika, nthochi ziwiri, mtedza wokazinga, dzira lowiritsa, ndi botolo la madzi, makamaka kutentha kwa Okutobala kukayamba. Nsima yambiri masana ndiye imabweretsa tulo ta 2 koloko, chepetsani mtanda umodzi. Usiku idyani mopepuka kuti 10:15 tulo tibwere. Nyemba zivikeni usiku wa Loweruka, Lamulungu zipsa msanga ndi makala ochepa. Ngati mulibe firiji muziziwiritsanso m'mawa ndi madzulo, ndipo nyengo yotentha zisapitirire masiku awiri. Masiku enawo usipa, mazira, soya, zinthu za mphindi 15.

Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija: theka la caffeine limakhalabe m'thupi patatha maola pafupifupi asanu. Mukamwa 6 koloko kuti mupirire kalasi, 11 koloko muli maso kuyang'ana malata, 4:30 alamu mwaizimitsa. Tiyi wa mphamvu amwedwe m'mawa, ikadutsa 3 koloko masana madzi basi.

Mvula. Imayamba cha mu Novembala, ndendende masabata anu a mapepala akale. Ikagwa 5 koloko minibasi zimasowa, mtengo umakwera, njinga zamoto zimabisala, ndipo misewu ya fumbi ya m'malokeshoni imasanduka phala. Chimodzimodzi mafuta akasowa. Mabuku muwakulunge m'jumbo m'kati mwa chikwama, mukhale ndi ndalama yapadera ya maulendo awiri ku Mpamba kapena Airtel Money imene simuikhudza, ndipo m'chikwama musasowe funso limodzi losindikiza, kuti mukakhala pakhonde la shopu kudikira mvula ikate muzilemba. Tsiku la mayeso nyamukani ngati mukupita kuntchito ya 6:30. Pa ulendo wa usiku, gwirizanani ndi wa kabaza mmodzi wodziwika wa pa siteji yanu, mukhale ndi nambala yake, muzimuimbira mukadutsa Area 18.

Za pamtundu. Kuyambira Sepitembala mpaka Novembala ndi nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe, ndipo munthu wophunzira akawunti aliyense amamufuna akhale msungichuma wa komiti. Kanani lero, asanakusankheni. Nenani kuti ndili ndi mayeso Disembala, chopereka changa nachi, pa tsikulo ndidzabwera ku perekaniperekani. Udindo wa kukwaya kapena kumphakati pemphani wina agwirizire mpaka mayeso atatha, ndipo munene deti lobwerera kuti asaganize kuti mwathawa. Maliro ndiye sakanidwa. A pachibale chenicheni mupita ndipo sabata imeneyo yapita. A oyandikana nawo ndi a kuntchito, kafikeni madzulo, pepesani, perekani chipepeso, khalani ola limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake Loweruka madzulo musaikepo chilichonse pa ndandanda, likhale thumba lobwezera zimene zatayika m'kati mwa sabata. Sabata ikayenda bwino, madzulo amenewo ndi anu ndi mwana.

Ndandandayo musaimatenso pakhoma ya miyezi inayi. Lembani ya sabata imodzi yokha Lamulungu madzulo, mphindi 10, pa kapepala kolowa m'chikwama, ndipo pa ola lililonse mulembe ntchito yeniyeni. Osati "Lachiwiri: Costing", koma "Lachiwiri 4:30, pepala la Juni chaka chatha, funso 3".